PHUNZIRO LA ZA UMOYO: Kumanga ndi kudula, mmene selo limodzi limasandukira awiri

Amai onse amene anaberekera ku kiliniki ya Kapata kapena ku Chipata Central Hospital akudziwa nchito yomaliza imene mzamba amacita mwana akabadwa. Amamanga mcombo malo awiri, ndipo amadula pakati. Samanga pena paliponse ai, ndiponso sadula asanamange. Akadula, amene anali thupi limodzi amakhala anthu awiri, mai ndi mwana, aliyense kupuma payekha.

Nchito yofanana ndi imeneyi imacitika m'thupi mwanu usana ndi usiku, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kaya muli pa msika, kaya mukuchova njinga, kaya muli m'tulo. Phunziro la mlungu uno ndi la kumanga ndi kudula kumeneku: ndani amalamula, amadziwa bwanji malo ndi nthawi, ndipo cimacitika n'ciani akaphonya. Pofika kumapeto mudzaona cifukwa cake anamwino satopa kuuza amai kuti akapimitse khomo la cibaliro ngakhale sakumva kupweteka paliponse.

THUPI NDI NYUMBA YA NJERWA ZAMOYO

Monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, thupi limamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tamoyo tochedwa maselo. Sitioneka ndi maso; amationa ndi maikulosikopu, makina aja a ku labu amene amapimira magazi a malungo. Munthu wamkulu ali ndi maselo pafupifupi mabiliyoni 30,000, koma onsewo anacokera ku selo limodzi lokha, lija linapangika pamene mbeu ya atate inakumana ndi dzira la amai. Limodzi linagawika kukhala awiri, awiriwo kukhala 4, ndi kumapitirira motero mpaka munthu wathunthu.

Kugawikaku sikutha munthu akakula. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo m'mafuta a m'mafupa mumacokera atsopano oposa mamiliyoni awiri pa sekondi iliyonse. Khungu la m'kati mwa matumbo limasinthika lonse mlungu usanathe. Bala la mpeni limapola cifukwa maselo a m'mbali mwake amagawika mpaka kutseka mpata.

Pakati pa selo pali malangizo a kapangidwe ka thupi, ochedwa DNA. Malangizowa ndi omangidwa m'mitolo 46 yochedwa makromozomu: 23 yocokera kwa amai, 23 kwa atate. Selo lisanagawike limayamba lakopera mitolo yonseyo, kuti mtolo uliwonse ukhale ndi unzake. Kenaka timaulusi timatuluka kumbali ziwiri za selo ndi kukoka, mitolo 46 kupita uku, 46 kupita uko. Katswiri wa ku Germany, Walther Flemming, anajambula zimenezi m'buku lake la mu 1882.

Mitolo ikapatukana pamatsala nchito yomaliza, yogawa thupi la selo lenilenilo kuti pakhale maselo awiri. Akatswiri amaicha cytokinesis. Ife tiiche kumanga ndi kudula.

AKAPASO A M'SELO

Selo lilibe maso, lilibe makutu, lilibe ubongo. Nanga limadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?

M'selo muli anchito ambirimbiri ochedwa mapuloteni. Ena mwa iwo, amene amafulumizitsa nchito za m'thupi, amachedwa maenzaimu. Pakati pa maenzaimu pali gulu limene nchito yake ndi kupereka uthenga, monga kapaso amaperekera mau a mfumu m'midzi. Dzina la gululi ndi kinase, ndipo m'thupi la munthu muli mitundu yoposa 500.

Kapaso ameneyu salankhula. Amayenda ndi cidindo. Cidindoco ndi kanthu kakang'ono kochedwa fosifeti, ka mtundu womwe uja umapezeka m'fetereza wa D compound. Kinase akadinda fosifeti pa puloteni ina, puloteniyo imasintha khalidwe: ina imadzuka n'kuyamba nchito, ina imaleka, ina imasamukira pamalo ena. Palinso gulu laciwiri, lochedwa phosphatase, limene limafufuta cidindo cija. Motero uthenga ukhoza kuperekedwa ndi kubwezedwa mwamsanga. Anthu awiri a ku America, Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, ndiwo anatulukira kadindidwe kameneka m'zaka za m'ma 1950, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1992.

Tsopano tiyeni titsatire akapasowa mmodzimmodzi, monga amabwerera pa nchito.

Woyamba: "Dikirani!"

Kapaso woyamba dzina lake ndi Cdk1. Iye sagwira nchito yekha. Amafuna mnzake, puloteni yochedwa cyclin B. Awiriwa ndiwo amalamula selo kuyamba kugawa mitolo. Koma pa nthawi yomweyo Cdk1 amadinda mapuloteni ena a nchito yomanga ndi kudula, ndipo cidindo cake pa iwo cimatanthauza kuti "dikirani". Izi n'zanzeru. Selo likadzimanga pakati mitolo ikali pomwepo, mitoloyo ikhoza kuduka kapena kupita yonse mbali imodzi.

Mtolo uliwonse ukagwidwa bwino ndi timaulusi, selo limaphwanya cyclin B. Cdk1 akasowa mnzake amakhala cete, ofufuta aja amacotsa zidindo zake, ndipo njira imatseguka. Tim Hunt wa ku England anapeza cyclin mu 1982 pofufuza mazira a tinyama ta m'nyanja yamcere. Iye pamodzi ndi Paul Nurse ndi Leland Hartwell analandira mphoto ya Nobel mu 2001 cifukwa ca nchito imeneyi.

Waciwiri ndi wacitatu: "Mangani apa!"

Mitolo ikapatukana, timaulusi tina timatsala pakati, topingasana ngati zala za manja awiri. Pamenepo pamasonkhana akapaso awiri, Plk1 ndi Aurora B. Maina awa anacokera ku tizilombo touluka tija timazungulira nthoci zakupsa, poti ndi m'menemo anayamba kupezeka: polo mu 1988 ndi aurora mu 1995, pa kafukufuku wa David Glover ndi anzake ku Britain.

Plk1 amadinda puloteni imene yakhala pa timaulusi ta pakati. Puloteniyo ikadindidwa imaitana inzake yochedwa Ect2, ndipo Ect2 imayatsa kaswichi kochedwa RhoA pa khungu la selo. Aurora B amathandiza kusonkhanitsa anchitowa pamalo amodzi. Cofunika kumvetsa ndi ici: RhoA amayaka m'ciuno mwa selo mokha, pakatikati pa milu iwiri ya mitolo, osati kumutu kapena kumiyendo. Ndi mmene selo lopanda maso limapezera malo oyenera.

Wacinai: "Kokani lamba!"

RhoA akayaka amadzutsa kapaso wina, ROCK, ndi mapuloteni ena oluka ulusi. M'ciuno mwa selo mumapangika lamba wa mapuloteni awiri, actin ndi myosin, a mtundu womwe uja umacititsa minofu ya dzanja lanu kukunga mukamanyamula ndowa ya madzi. ROCK amalimbikitsa myosin kukoka, ndipo lamba amathina pang'onopang'ono. Yerekezani thumba la ufa limene mwalimanga cingwe pakati n'kumakoka: limasanduka matumba awiri olumikizana pa kakhosi.

Kakhosi kameneka ndiko mcombo wa maselo. Pakati pake pali kamfundo kolimba, kamene kamagwirizizidwa ndi kapaso wina wochedwa citron kinase. Mu 2016 madokotala anapeza kuti ana ena obadwa ndi mutu waung'ono kwambiri anali ndi cilema m'malangizo opangira citron kinase: maselo a ubongo wao ankalephera kumaliza kugawika ali m'mimba. Ici cikutionetsa kukula kwa nchito ya kanthu kosaoneka ndi maso.

Mlonda wa pa mcombo

Maselo awiriwo akhoza kukhala olumikizana ola lathunthu kapena kuposerapo asanadulidwe. Odula ndi gulu la mapuloteni lochedwa ESCRT-III, limene limazengeza kakhosi kaja mpaka kuduka. Koma silifika msanga. Plk1 amaletsa puloteni yoliitana mpaka iye mwini atacepa mphamvu. Ndiponso Aurora B amakhala mlonda: ngati kacidutswa ka mtolo katsalira pa kakhosi, iye amacedwetsa odula mpaka kacokepo. Ulonda umenewu unaonetsedwa m'maselo a munthu mu 2009.

Ndiye taonani dongosolo lake: wina aletsa, ena asonyeza malo, wina amanga, wina alonda, ndipo pomaliza adula. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

ZIKALAKWIKA

Nthawi zina lamba amamasuka asanadule, ndipo maselo awiri aja amabwerera kukhala limodzi, lokhala ndi mitolo 92 m'malo mwa 46.

Sikuti nthawi zonse ndi matenda ai. M'ciwindi ndi mu mtima muli maselo otere mwacibadwa. M'mafuta a m'mafupa muli maselo akuluakulu amene amakopera mitolo kangapo osadzidula, ndipo ndiwo amapanga tizidutswa toumitsa magazi pa bala. Awa anapangidwa motero.

Koma pamalo ena, monga pa khungu la khomo la cibaliro, selo la mitolo 92 ndi loopsa. Likayesa kugawikanso, timaulusi timakokera mbali zitatu kapena zinai, ndipo ana ake amalandira mitolo yosakwana kapena yopitirira. Malangizo akasokonezeka motero, pakhoza kubadwa selo losamva lamulo, logawika mosalekeza. Imeneyo ndiyo khansa. Theodor Boveri wa ku Germany anaganizira zimenezi m'buku lake la mu 1914, ndipo mu 2005 akatswiri a ku Boston anaonetsa pa mbewa za m'labu kuti maselo olephera kudzidula akhoza kuyambitsa zotupa.

Mwamwai thupi lili ndi wapolisi, puloteni yochedwa p53. Akaona selo losokonezeka amaliimitsa kapena kulilamula kuti life. Pa kafukufuku wa mbewa uja, zotupa zinabuka m'maselo amene analibe p53. Wapolisi akakhalapo, zolakwa zambiri zimathera pomwepo ife osadziwa n'komwe.

KADOYO KOMANGA WAPOLISI

Apa ndi pamene phunziro lathu likufika pa makomo athu. Pali kadoyo kochedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. N'kofala kwambiri, kotero kuti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pa moyo wao. Kwa ambiri thupi limakacotsa lokha m'caka cimodzi kapena ziwiri. Koma kwa amai ena kamakhazikika pa khomo la cibaliro.

Kadoyoka kalibe makina ake odziculukitsira, motero kamafuna kuti selo lizigawikabe. Kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E7 amamasula mabuleki a selo ndi kusokoneza timaulusi tokoka mitolo. E6 amaphwanyitsa p53. Tsono zolakwa zimaculuka, ndipo wozigwira palibe. Maselo a mitolo yowirikiza amapezeka pa khomo la cibaliro khansa isanayambe n'komwe. Harald zur Hausen wa ku Germany, amene anaonetsa kuti HPV ndiye gwero la khansa imeneyi, analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri ya kadoyoka, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la cibaliro.

Muno m'Zambia khansa imeneyi ndiyo imagwira amai ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Si ufiti, si cilango, ndipo si umboni wakuti mai anali woyendayenda. Mai wokhulupirika kwa mwamuna mmodzi akhoza kutenga kadoyoka.

Koma imvani uthenga wabwino. Cifukwa akapaso ndi alonda a m'selo ndi ambiri, kadoyo sikawagonjetsa tsiku limodzi. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limati pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osokonezeka asanduke khansa. Kwa mai amene citetezo ca thupi lake cafooka, monga wa HIV amene sakumwa mankhwala, zimatenga zaka 5 mpaka 10, ndipo amai okhala ndi HIV ali pa ciopsezo coposa anzao kasanu ndi kamodzi. Zaka zimenezi ndi mpata umene thupi limatipatsa. M'zaka zonsezo mai samva kupweteka, koma maselo osokonezeka amakhala pamwamba, poonekera, posavuta kucotsa. Paja kuongola mtengo m'poyamba.

KUPIMA NDI VINIGA

Mu 2006 m'makiliniki a boma a mu Lusaka munayamba nchito yopima amai khomo la cibaliro, motsogozedwa ndi madokotala Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu, ndipo pambuyo pake inafalikira m'zigawo zonse za dziko. Opima ndi anamwino ophunzitsidwa. Amapaka viniga pa khomo la cibaliro ndi kudikira kanthawi kocepa. Malo amene maselo ake asokonezeka amayera, pamene malo abwino amakhala mmene analili. Kupimaku kumatenga mphindi zowerengeka. M'zipatala zina mulinso njira yopima kadoyo ka HPV kenikeniko.

Pakapezeka malo oyera ang'onoang'ono, amawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kuwaocha ndi kacipangizo kotentha, kawirikawiri tsiku lomwelo. Malo akulu amawadula ndi kawaya ka magetsi ku cipatala cacikulu. Pambuyo pake maselo abwino a m'mbali amagawika, kumanga ndi kudula mwa dongosolo, mpaka khungu latsopano litaphimba. Cibaliro sicicotsedwa.

Yerekezani zimenezi ndi mai amene wacedwa. Khansa ikazika mizu, ulendo ndi wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007, mtunda woposa makilomita 500 kucokera ku Chipata. Pamafunika ndalama ya basi ya anthu awiri, cakudya, ndi milungu yambiri ana ali okha ndi kantemba kali kotseka. Ambiri amathandizidwa kumeneko ndipo amabwerera, koma amene angapewe ulendowu aupewe.

MANKHWALA A KHANSA NDI KUGAWIKA KWA MASELO

Phunziroli likutithandizanso kumvetsa abale athu amene ali pa mankhwala a khansa. Mankhwala ambiri amalimbana ndi selo pamene likugawika. Ena amaononga DNA yake. Ena, monga vincristine ndi paclitaxel, amasokoneza timaulusi tokoka mitolo, kotero kuti selo limakanirira pakati pa njira, osafika pomanga ndi kudula, mpaka kufa. Mankhwala oletsa Plk1 ndi Aurora nawonso ayesedwa pa odwala m'maiko ena.

Vuto ndi lakuti mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi m'matumbo, ndi mafuta a m'mafupa nazonso zimagawika msanga. N'cifukwa cake wodwala akhoza kuthothoka tsitsi, kutuluka zilonda m'kamwa kapena kucepa magazi. Sikuti mankhwala akumupha ai, ndipo tsitsi limameranso akamaliza. Musamulangize kusiya, mufotokozereni dokotala zimene zikucitika.

Vincristine amacokera ku duwa la periwinkle, lija la maluwa ofiirira kapena oyera limene limamera m'mabwalo a nyumba zambiri. Cenjerani: musawiritse masamba ake kuti mumwe. Mankhwalawo amayengedwa m'fakitale kucokera ku masamba oculuka zedi, ndipo amaperekedwa mu mtsempha ndi muyeso wake. Madzi a masambawo saciza khansa, koma akhoza kumudwalitsa munthu.

ZOYENERA KUCITA PA BANJA

1. Amai, pitani mukapimitse muli bwino. WHO imalangiza kuyamba pa zaka 30, ndipo kwa amai okhala ndi HIV pa zaka 25. Funsani anamwino ku kiliniki ya Kapata, ku kiliniki ya m'komboni mwanu kapena ku Chipata Central Hospital za tsiku ndi malo opimira. Akakupatsani tsiku lobwereranso, lisungeni.

2. Atsikana alandire katemera wa HPV. Boma linayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 linatemera a zaka 9 mpaka 14. Amagwira bwino nchito mtsikana asanakumane ndi kadoyo. Saletsa kubereka.

3. Amene ali pa ma ARV amwe mosadumphitsa. Citetezo colimba cimathandiza thupi kulimbana ndi HPV.

4. Pewani fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe. Utsi wa fodya umaonjezera ciopsezo ca khansa imeneyi ndi zina zambiri.

5. Musadikire mukaona izi: magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi abambo, magazi pakati pa mwezi, magazi kwa mai amene analeka kale kusamba, kapena ukazi wonunkha wosatha. Si nthawi zonse pamene zimatanthauza khansa, koma wodziwa ndi wopima. Safunsa anadya phula.

6. Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Kadoyo kamayenda ndi amuna ngakhale iwo samva kanthu. Perekezani akazi anu, ndipo akacizidwa pa khomo la cibaliro, lemekezani milungu imene anamwino anena kuti mudikire kuti bala lipole.

MAFUNSO OBWEREZA

Kambiranani mafunso awa pa banja kapena pa gulu la amai:

1. Kodi selo la munthu lili ndi mitolo ingati ya malangizo, ndipo imakhala ingati selo likalephera kudzidula?
2. Kodi kinase amapereka bwanji uthenga?
3. N'cifukwa ciani Cdk1 amaletsa kumanga mitolo isanapatukane?
4. Kodi kadoyo ka HPV kamamucita ciani wapolisi p53?
5. N'cifukwa ciani mai wosamva kupweteka ayenera kupimitsa?

Kumbukirani: akapaso a m'selo amagwira nchito yao mokhulupirika zaka zambiri, ngakhale kadoyo katalowa. Cimene sangathe ndi kukunyamulani kupita ku kiliniki. Imeneyo ndi mbali yanu. Sungani tsamba lino, ndipo muwerengereni mnansi wanu amene sadziwa kuwerenga.